Pulogalamu ikagwa, funsani mjigo umene yatungapo

 Ndiyambe ndi laputopu imene inafika pa desiki yanga Lachisanu lina, nthawi ija mtima umakhala utatsogola kale kunyumba.

Mwini wake anali mayi wina wojambula mapu mu ofesi ina. Ankagwiritsa ntchito QGIS pa Ubuntu. Pulogalamuyo inkatseguka bwinobwino, koma akangoti atsegule fayilo ya mapu awo, inkazimiririka pa sikirini osatsanzika. Anali atayichotsa n'kuyiikanso katatu, bandulo n'kumapita. Mnzawo wina anali atawalangiza kuti angofomata kompyuta yonse. Malangizo amenewa mukuwadziwa, ndipo ndikuona ena mukuseka chifukwa munawaperekapo. Nanenso ndinawaperekapo.

Ndibwerera kwa mayiwa. Tiyambe tamvana za chimene chimachitika mukadina chizindikiro cha pulogalamu.

Palibe pulogalamu imene imadzichitira zonse yokha. Amene analemba GIMP sanavutike kulemba njira yowerengera zithunzi za PNG. Ntchito imeneyo anaisiyira libpng, ndipo libpng nayo imapempha zlib kuti ifutukule zimene zinapanikizidwa. VLC imaonetsa mafilimu ambiri mothandizidwa ndi libavcodec ya FFmpeg. Mabatani amene mumadina ndi a GTK kapena a Qt. Zigawo zobwereka zimenezi ndi zimene timati malaibulale. Pa Linux mafayilo ake amakhala ndi .so m'dzina, pa Windows ndi .dll, pa macOS ndi .dylib. Dzinali limasocheretsa pang'ono chifukwa limatikumbutsa mabuku. Ine ndimaiona laibulale ngati mjigo wa pamudzi. Makomo sakumba aliyense chitsime chake, onse amatunga pamodzi. Mjigo ukakonzedwa, mudzi wonse wapuma tsiku lomwelo, n'chifukwa chake chiopsezo chikapezeka mu OpenSSL amakonza fayilo imodzi, mapulogalamu mazanamazana n'kuchira. Koma amisiri akasintha kukamwa kwa mpopi, zigubu zina sizilowanso.

Mukadina, woyamba kudzuka si pulogalamuyo. Kumadzuka kapulogalamu kena kotchedwa ld.so. Kameneka kamawerenga mndandanda wa malaibulale amene pulogalamu yalemba kuti ikufuna, kamakawafunafuna m'mafoda, kamawalowetsa mu memory, kenaka kamalumikiza dzina la ntchito iliyonse ndi pamene ntchitoyo ili. Kali ngati mwana wotumidwa kugolosale: kamatenga choyamba chimene kapeza cha dzina limene kauzidwa, osafunsa kuti chinapangidwa liti.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Timakonda kunena kuti pulogalamu yagwa chifukwa laibulale ndi yakale, ngati kuti ukale ndi matenda amene ali m'fayilomo. Laibulale siikhala yakale payokha. Imakhala yakale poyerekeza ndi ija imene pulogalamu inamangidwa nayo. Choncho mafunso ndi awa: pulogalamuyi imayembekezera laibulale iti, yapatsidwa iti, ndipo yopatsidwayo yachokera kuti? Musanawayankhe, manja akhale m'thumba. Musachotse kanthu, musaike kanthu.

Choyamba kuchita sichilira ndalama. Tsegulani terminal, lembani dzina la pulogalamuyo, iyambire pamenepo. Mapulogalamu ambiri amasiya mawu akamafa, koma mukawatsegula ndi mausi mawuwo amanenedwa kumene simukumva.

Imfa yaulemu ndi ija yochitikira pakhomo, pulogalamu isanalowe n'komwe. Ambiri a inu munaonapo uthenga wakuti "version GLIBC_2.34 not found". Glibc ndi laibulale ya pansi penipeni. Pafupifupi pulogalamu iliyonse pa Linux imadutsira mwa iyo potsegula fayilo, popempha memory, polemba chilembo pa sikirini. Ubuntu 20.04 ndi Debian 11 zili ndi glibc 2.31. Ubuntu 22.04 ili ndi 2.35, Debian 12 ili ndi 2.36, Ubuntu 24.04 ili ndi 2.39. CentOS 7 inakhala pa 2.17 mpaka inasiya kusamalidwa mu June 2024. Mukalemba ldd --version mudziwa yanu. Opanga glibc amasunga lonjezo la mbali imodzi: chomangidwa pa yakale chiyenda pa yatsopano, koma chomangidwa pa yatsopano sachilonjeza kubwerera m'mbuyo. Lonjezoli amalisunga pomata nambala pa ntchito iliyonse. Akasintha ntchito, yatsopano imalandira nambala yatsopano, yakale imatsala momwemo kuti itumikire mapulogalamu akale.

Mwina munadabwapo kuti n'chifukwa chiyani nambala ya 2.34 ndiyo imatuluka kawirikawiri chonchi. Mu glibc 2.34, imene inatuluka mu August 2021, nambala yatsopano inamatidwa pa ntchito imene pulogalamu iliyonse imaitana poyamba penipeni, yotchedwa __libc_start_main. Ndiye ngakhale kapulogalamu kongolemba moni, kakamangidwa pa Ubuntu 22.04, pa Ubuntu 20.04 kakana. Wolemba pulogalamuyo sanapemphe chatsopano chilichonse. Anangomangira pa kompyuta yatsopano.

Pamenepa m'pamene munthu amayesedwa. Amaganiza kuti, poti vuto ndi libc.so.6 yakale, angopeza yatsopano pa intaneti n'kuikopera pamwamba pa yakaleyo. Chonde, pa zonse zimene ndinene lero, ichi chokha musachite. Zikalakwika, lamulo limene mukanabwezera nalo fayilo yakale, cp kapena mv kapena sudo, nalonso limadalira glibc yomweyo. Mwatsekera kiyi m'nyumba. Njira zake zenizeni ndi kufunafuna pulogalamu yomangidwira Linux yanuyo, kuimanga nokha pa kompyuta yanu poti kalembedwe kake kali poyera, kapena kuvomera kuti nthawi yosamukira pa Linux yatsopano yakwana. Ubuntu 20.04 inafika kumapeto kwa zaka zake 5 zosamalidwa mu May 2025. Ngati mukadali pamenepo, uthenga umenewu muzikumana nawo pafupipafupi.

Uthenga wina wapakhomo umafanana ndi woyambawu, koma nkhani yake ndi yotembenuka. Mu April 2022, Ubuntu 22.04 inabwera ndi OpenSSL 3.0, ndipo anthu ambiri atangosamuka anaona "error while loading shared libraries: libssl.so.1.1". Apa wakale ndi pulogalamu, laibulale yapita patsogolo. Taonani nambala ili kumapeto kwa dzinalo. Siinaikidwe ngati chokongoletsa. Ndi pangano: nambala ikakhala yomweyo, mafayilo angasinthanitsidwe, ikasintha, eni laibulale akulengeza kuti kukamwa kwa mpopi kwasintha. N'chifukwa chake libssl.so.1.1 ndi libssl.so.3 zingakhale m'foda imodzi osakangana.

Koma pamapezeka wochenjera amene amakulangizani kuti mungolemba ln -s, fayilo yatsopano ivale dzina la yakale. Pa OpenSSL bodzali limagwidwa msanga chifukwa ntchito zake zili ndi nambala ngati za glibc. Malaibulale ena ambiri alibe mlonda wotere. Pulogalamu imatseguka, inu n'kumadziombera m'manja, ndipo vuto lomwe linali ndi dzina mwalisandutsa vuto lopanda dzina. Taganizani za kalaliki amene anazolowera fomu ya mabokosi anayi: dzina, mudzi, mfumu yaikulu, nambala ya foni. Sawerenganso mitu, amangowerenga mabokosi. Tsiku lina ofesi yasindikiza fomu yatsopano imene yalowetsa bokosi la boma pakati. Kalaliki uja atenga za m'bokosi lachinayi n'kuziimba pa foni. Pulogalamu yomangidwa kale ili chimodzimodzi: inaloweza kuti chakuti chili pa malo akuti mu memory. Laibulale ikasuntha zinthu, pulogalamu imatenga nambala wamba n'kuiyesa adiresi, n'kupita kumene siiloledwa. Kernel imaidula pomwepo. Imfa imeneyi ndi imene imatchedwa "Segmentation fault".

Ena amakatenga phukusi lakale la libssl1.1 n'kuliika pambali pa latsopano. Zimenezo zimatheka, ndipo n'zabwino kuposa bodza la ln -s. Kungoti muzichita mukudziwa kuti eni OpenSSL anasiya kusamalira 1.1.1 pa 11 September 2023, ndipo phukusi loika pamanja palibe adzalikonze. Pa pulogalamu yolumikizana ndi banki kapena yotumiza zinsinsi za anthu, ine sindingavomere.

Tsopano imfa yamwano, ya pakati pa ntchito. Pulogalamu ikangofa mu terminal, lembani echo $? kuti muone nambala imene yasiya. Ikakhala 139, ndiye 128 kuphatikiza 11, chizindikiro cha segmentation fault: yaphedwa. Ikakhala 134, ndiye 128 kuphatikiza 6: yadziimitsa yokha itaona kuti zinthu zasokonekera, ndipo kawirikawiri imakhala itanena chifukwa pa mzere wam'mwamba. Kernel nayo imalemba m'kaundula wake. Sudo dmesg kapena journalctl -k zikuonetsani mzere wotchula fayilo imene munagwera pulogalamuyo. Pa Fedora ndi pa Arch, coredumpctl info imakupatsani zambiri za imfayo. Pa Ubuntu, apport imasiya lipoti mu /var/crash. Ndipo paliponse mungayambitse pulogalamu mkati mwa gdb, kulemba run, kuchita chija chimaigwetsa, kenaka kulemba bt. Mutuluka mndandanda wa ntchito zimene zinaitanizana mpaka pogwera, yomaliza ili pamwamba. Ngati m'malo mwa mayina mukuona zizindikiro za mafunso, debuginfod, imene Debian, Ubuntu, Fedora ndi Arch onse ali nayo, ingakutengereni mayinawo pa intaneti.

Kuwerenga mndandanda umenewu kumafuna mtima wa munthu wofuna kuona maso a nkhono. Pamwamba mupeza nthawi zambiri libc, pa ntchito ngati memcpy, strlen kapena free, ndipo wophunzira amathamanga kunena kuti glibc ndi yowonongeka. Minibasi ikagwera m'ngalande, ngalandeyo si imene inadula mabuleki. Glibc inangopatsidwa adiresi yabodza ndi wina wake. Tsikani mzere ndi mzere mpaka mupeze dzina loyamba limene si la libc. Pamenepo ndi poyambira kufunsa, ngakhale napo si pothera.

Pali nkhani imene ndimakonda kusimba pofuna kuonetsa kuti mlandu wa pulogalamu ndi laibulale ndi wovuta kugamula. Mu 2010, anthu amene anaika Fedora 14 anayamba kumva phokoso lachilendo akamamvera nyimbo kudzera mu Adobe Flash. Atafufuza anapeza kuti glibc inali itasintha memcpy kuti pa mapurosesa ena izikopera kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro, pofuna liwiro. Malamulo a chiyankhulo cha C amanena momveka kuti memcpy siyenera kupatsidwa malo awiri olowerana. Ntchito imeneyo ndi ya memmove. Flash inkaphwanya lamuloli kwa zaka popanda chovuta, chifukwa memcpy yakale inkangokhululuka mwangozi. Linus Torvalds analowerera mkanganowo, ndipo maganizo ake anali oti kukhala wolondola pa lamulo sikuthandiza munthu amene nyimbo yake yawonongeka. A glibc ankati wolakwa ndi Adobe. Onse ankanena zoona. Zinatha ndi nambala ija: mu glibc 2.14, ya 2011, memcpy yatsopano inamatidwa nambala yakeyake, mapulogalamu akale n'kusiyiridwa yokhululuka ija. Mankhwalawo anabereka matenda ena, chifukwa kwa zaka zambiri pambuyo pake amene anali pa CentOS 6, ya glibc 2.12, ankakumana ndi "GLIBC_2.14 not found".

Tibwerere ku laputopu ija. Titayambitsa QGIS mu terminal n'kutsegula fayilo ya mayi aja, inafa itasiya mzere umodzi: "symbol lookup error", kenaka "undefined symbol" ndi dzina loyamba ndi sqlite3. Zinamveka, chifukwa fayilo yawo inali ya GeoPackage, ndipo GeoPackage mkati mwake ndi nkhokwe ya SQLite. Ndinafunsa apt policy za phukusi la libsqlite3-0. Inayankha kuti lilipo, ndi loyenera Ubuntu imeneyo, palibe latsopano loposa pamenepo. Wothamanga akanaimira apa n'kunena kuti laibulale ilibe mlandu. Koma apt imangodziwa zimene inaika yokha. Funso silinali loti kodi yoyenera ilipo. Linali loti mwana wotumidwa uja, ld.so, watenga iti. Ndinalemba ldd pa fayilo ya pulogalamuyo n'kusefa mayankho ndi grep sqlite. Mzere unatuluka ukuloza ku /usr/local/lib. Nditafunsa dpkg -S kuti fayilo imeneyi ndi ya phukusi liti, inati siikuidziwa. Deti lake linali la zaka zingapo m'mbuyo. Mayiwo anakumbukira kuti laputopuyo inali kale ya mnyamata wina amene anachoka pa ofesipo, wokonda kumanga zinthu yekha.

Mukamanga pulogalamu pamanja n'kulemba make install, mwachizolowezi zonse zimapita ku /usr/local. Maphukusi a Debian ndi a Ubuntu saika mafayilo awo kumeneko, ndipo sachotsako kanthu. Pa Ubuntu, ld.so imayamba kuyang'ana ku /usr/local/lib isanafike ku foda ya malaibulale a maphukusi. Dzina la libsqlite3.so.0 lakhala lomwelo kwa zaka zambiri, kotero kwa ld.so mafayilo awiriwo anali amodzi. Mapulogalamu ena ankayenda bwino chifukwa ankapempha ntchito zakale zokha. Mayiwo akanachotsa ndi kuikanso QGIS kakhumi, yankho likanakhala lomwelo. Ankasintha chigubu, pamene vuto linali pa mjigo.

Mwa mavuto onse a malaibulale amene ndakumana nawo, awa a fayilo yobisala kutsogolo kwa inzake ndi amene amadya nthawi. Amabwera m'njira zambiri. Wina analemba LD_LIBRARY_PATH mu .bashrc chaka chatha kuti chinthu china chiyende, n'kuiwala. Wina anaika Anaconda, imene imabwera ndi libstdc++ yakeyake. Pulogalamu imatenga imeneyo, kenaka Mesa, yoyendetsa zithunzi, imene inamangidwa ndi libstdc++ yatsopano ya pa kompyutapo, imakana ndi uthenga wotchula GLIBCXX_3.4.30 kapena nambala ina yotero. Osewera magemu pa Steam analimbana ndi vuto lomweli kwa zaka. Dziwani kuti ldd siiona zonse: malaibulale amene pulogalamu imawaitana ili kale pa ntchito, monga ma plugin ndi madiraivala, satuluka pamenepo. Kuti muone zenizeni, werengani fayilo ya maps ya pulogalamuyo mu /proc ikadali moyo, kapena yambitsani ndi LD_DEBUG=libs kutsogolo kwa dzina lake; ld.so ikuuzani foda iliyonse imene yasuzumira. Ndipo pa fayilo yochokera kosadziwika musagwiritse ldd, chifukwa nthawi zina ingaiyendetse; objdump -p imangowerenga osayendetsa.

Palinso vuto limene kwathu kuno limatipeza kuposa anzathu akunja: update yothera panjira. Bandulo ikatha pakati sizoopsa kwenikweni, chifukwa apt imayamba yakoka maphukusi onse isanaike ngakhale limodzi. Choopsa ndi magetsi kuzima pamene yayamba kumasula. Mumatsala ndi theka la Qt latsopano, theka lakale, ndipo mapulogalamu amayamba kudandaula kuti "Cannot mix incompatible Qt library". Mankhwala ake ndi sudo dpkg --configure -a, kenaka sudo apt -f install, kenaka kumaliza update yonse. Chimodzimodzi mafayilo a .deb opatsana pa fulashi pofuna kupulumutsa bandulo: mwambowu ndi wabwino, bola makompyuta awiriwo akhale pa Ubuntu ya nambala imodzi. A Arch amaneneratu kuti update ya theka saithandizira, ndipo a Debian ali ndi dzina lonyoza la kompyuta yosakaniza maphukusi a mibadwo yosiyana, amati FrankenDebian. Kanthu kena kakang'ono: pulogalamu imene inali yotsegula pamene update imachitika imakhala ikugwirabe malaibulale akale mu memory. Itsekeni, itseguleninso. Ndaonapo anthu akufufuza kwa ola lathunthu vuto limene likanatha pozimitsa ndi kuyatsa.

A Windows musaganize kuti ndakuiwalani, popeza ambiri a inu VLC, LibreOffice ndi Audacity mumaziyendetsa kumeneko. Uthenga woti VCRUNTIME140.dll kapena MSVCP140.dll ikusowa ukutanthauza kuti muike Visual C++ Redistributable yochokera kwa Microsoft enieni. Malo a pa intaneti ogawa ma DLL amodziamodzi athaweni. Mumakatenga yolakwika, kapena yobwera ndi vairasi. Pulogalamu ikagwa mwakachetechete, tsegulani Event Viewer muone pamene palembedwa "Faulting module name". Funso ndi lija lomwe: DLL iti, ya m'foda iti.

Wina angafunse kuti, ngati malaibulale akale amavuta chonchi, bwanji Debian ndi Ubuntu osangotipatsa atsopano nthawi zonse? Amachita dala. Debian imatulutsa mtundu wokhazikika pafupifupi zaka 2 zilizonse, Ubuntu imatulutsa LTS mu April wa chaka chachiwiri chilichonse, ndipo akatulutsa amaimika manambala pomwepo, kuti zimene zinayesedwa pamodzi zikhale pamodzi. Cholakwika chachikulu chikapezeka, amatenga chigamba chokhacho n'kuchisokera pa laibulale yakaleyo. Choncho nambala yakale siitanthauza kuti vuto silinakonzedwe. Apt changelog ikuuzani zigamba zimene zinasokedwa. Koma si zonse zimasokedwa, ndipo apa pamabuka mkangano ndi eni mapulogalamu. Jamie Zawinski, wolemba XScreenSaver, anatopa kulandira madandaulo a zolakwika zimene anakonza kalekale, ndipo anaika mu pulogalamu yake chenjezo lotuluka lokha ikakalamba. Mu 2016 chenjezolo linayamba kutulukira anthu a Debian 8. Panali mawu ambiri. Iye anati ngati sangapereke yatsopano kuli bwino aichotse mu Debian. A Debian anachotsa chenjezolo n'kusunga pulogalamuyo.

Ine ndimamumvetsa Zawinski, koma pa kompyuta ya ntchito ndimaima ndi Debian. Pa 29 March 2024, Andres Freund, katswiri wa PostgreSQL, analengeza kuti wapeza khomo lachinsinsi lobisidwa mwadala mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, atadabwa kuti kulowa kudzera pa ssh kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Amene anakhudzidwa anali othamangira zatsopano, a mitundu yoyeserera ya Debian ndi Fedora. Debian 12 inali pa 5.4.1, Ubuntu 22.04 pa 5.2.5, ndipo ukale umenewo unawapulumutsa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Nanga ngati mwapezadi kuti pulogalamu ikufuna laibulale yatsopano imene Linux yanu ilibe? Masiku ano pali Flatpak, imene imabweretsa pulogalamu pamodzi ndi malaibulale ake onse, ngakhale glibc, osakhudza a pa kompyutapo. Ine ndimaigwiritsanso ntchito ngati choyezera: ikakhala kuti ya Flatpak ikutsegula fayilo yomweyo osagwa, ndadziwa kuti fayiloyo ilibe vuto, ndiyang'ane kwina. Mtengo wake ndi mamegabaiti mazana angapo ulendo woyamba, zimene kwa ife si nkhani yaing'ono. AppImage ndi yosavuta kupatsana pa fulashi, koma imadalirabe glibc ya pa kompyuta yanu, kotero uthenga wa 2.34 uja siingauthetse. Ndipo pali choseketsa: AppImage, imene inapangidwa kuti ithetse kusowa kwa malaibulale, inayamba kukana pa Ubuntu 22.04 chifukwa chosowa laibulale, libfuse2, imene Ubuntu inasiya kuika yokha.

Mukayesa zonsezi, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo lembani m'kope chimene mwasintha. Yesaninso pulogalamuyo pa akaunti yatsopano ya pa kompyuta yomweyo. Ikayenda kumeneko, vuto lili m'mafayilo a kunyumba kwanu, osati m'malaibulale a onse.

Zikakanika, kaneneni. Mapulogalamu amenewa ubwino wake ndi woti eni ake amafikirika, ndipo ambiri ndi ongodzipereka, ochita ntchitoyi ataweruka kwina. Ngati munaika kuchokera ku maphukusi a Ubuntu kapena Debian, yambani ndi iwowo, chifukwa ndi amene anasankha malaibulale. Ngati munatenga kwa eni pulogalamu, pitani kwa eni. Yambani mwafufuza ngati wina ananena kale; dzina lija la pa "undefined symbol" kapena la pa mzere wa bt ndi limene mufufuzire. Polemba, tchulani version ya pulogalamu, Linux yanu ndi nambala yake, kumene munaitenga, version ya laibulale ndi foda imene yachokera, ndi zimene munachita mwatsatanetsatane kuti igwe. Uthengawo ukopereni monga ulili, musaufotokoze m'mawu anu. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Chingerezi chanu chisakudetseni nkhawa, iwo akufuna manambala. Tumizani mndandanda wa bt, koma fayilo ya core musaiike poyera, chifukwa muli zonse zimene zinali mu memory nthawi imeneyo, kuphatikizapo chikalata chimene mumalemba ndi mawu achinsinsi amene munali mutalowetsa.

Pa nkhani ya mayi aja panalibe choti tikanene kwa a QGIS. Tikanawalembera, akanataya madzulo awo kufunafuna cholakwika chimene sichinali chawo. Fayilo ya ku /usr/local/lib sindinaifufute, chifukwa sindinadziwe chimene mnyamata uja anaimangira. Ndinaisunthira, pamodzi ndi tinzake ta dzina lomwelo, m'foda imene tinaitcha zakale, ndinalemba sudo ldconfig kuti ld.so ilembenso kaundula wake, ndipo ldd inaloza kumene imayenera kuloza. Mayiwo anatsegula mapu awo, midzi ndi mitsinje n'kutuluka pa sikirini. Anandifunsa ngati kufomata kukanathandiza. Ndinawauza zoona kuti kukanathandiza, pamodzi ndi Loweruka lawo lonse ndi bandulo ina. Nditakumana nawo miyezi ingapo pambuyo pake, anati foda ija ikadalipo, ndipo palibe pulogalamu imene yaifunsapo.